Jekeseni Wapamtondo

Ine kusukulu sanandithamangitse ayi, ndinachoka ndekha, kungoti asisitere ndiwo anayamba kutchula za kuchokako. Akuti pakamwa panga mpotambalala kuposa chitseko cha tchalitchi. Ndinabwerera kunyumba ndi Sitandade 3 m'mutu, ndi Chingerezi chokwanira kutukwanira galu wa mzungu. Amayi anandipirira mpaka chimanga kumera, kenaka anati, "Iwe mtsikana, pita ku Madzimoyo kwa mlongo wako, ukathandize alamu ako ntchito. Pano makutu athu apumeko." Umo ndimo ndinagwera m'nkhondo imene ndikulembayi. Ya Ajeremani ija inali itangotha kumene, koma ija anali masewera. Yeniyeni inachitikira pafupi ndi nkhokwe ya apongozi a achimwene.

Achimwene anga ndi munthu wamkulu, msonkho anayamba kukhoma ine ndikuyamwa. Ndi aatali ngati mlongoti wa mbendera ya ku boma, ndipo akagwira khasu nyerere zimasamuka m'munda. Koma nthawi imeneyo kumaso kwawo kunali see ngati dzira, ndevu ngakhale imodzi yosochera. Mawu ndiye musanene. Akaitana nkhuku, kunkabwera nkhuku ndi ana a eni ake omwe, kuyesa akuitanidwa ndi amayi awo. Ndipo dzinja lachitatu linali litadutsa chikwatirire, alamu anga osaima, mimba ili ngati mphasa.

Paja kwathu mwamuna ndiye amakakhala kwa mkazi. Nyumba amange yekha, munda wa apongozi alime yekha, koma mudzi si wake, ndipo akapanda kubereka amamuonetsa njira imene anadzera. Amalume awo a alamu anga anali atanena kale poyera, ana akumva: "Tikakumba mtedza mimba palibe, mkamwini apinde mphasa yake." Anayesanso kuwanong'oneza alamu za fisi, mwamuna wina woti alowe mobisa adzasiye mimba. Alamu anali akuphika maungu. Anangotapa ndi chipande n'kuwawaza pachifuwa, amalume kuvina popanda ng'oma.

"Ukwati wanga ndi wa kutchalitchi ine. Fisi wanuyo mukamulowetse kwa akazi anu!"

Alamu anga ndi aafupi, amandilekeza m'khwapa, koma akakwiya ngakhale agalu amalowa m'nyumba n'kudzitsekera okha.

Amayi awo a alamu, apongozi a achimwene, ndiye anali ndi vuto lawolawo. Mwambo suwalola kuyang'anana ndi mkamwini. Akakumana panjira, mmodzi amalumphira patchire n'kutembenuka. Ndiye munthu udzamutukwana bwanji osamuyang'ana? Iwo anapeza njira, ankatukwanira pamtondo. Akamasinja, musi ukugunda, ankaimba mokweza mpaka kumveka ku Tamanda:

"Ndinabwereka tambala ine,
tambala wosalira,
chimanga adya, madzi amwa,
m'mawa ndidzutsa ndine."

Achimwene ankangoweramira pansi n'kumasema mpini. Ine ndinkayankha ndi nyimbo yanga ya nkhuku yokalamba yothothoka nthenga, koma sindiilemba pano, pepala lingapse.

Aphunzitsi a katekisimu ndiwo anawakokera achimwene pambali tsiku lina titatuluka m'tchalitchi. Anati kuchipatala cha ku boma, ku Foti Jemusoni, kwabwera dokotala amene ali ndi mankhwala atsopano, akayese. Ine ndinati ndipita nawo ndikhale womasulira. Tinayenda wapansi, matope mpaka m'maondo, ine ndikukonza Chingerezi changa njira yonse. Titafika, mzunguyo anangolankhula kamodzi, Chingerezi changa chonse n'kuthawira pawindo. Mwayi panali adresa, bambo wina wadazi amene amamanga mabala ndi kumasulira.

Anawalowetsa achimwene kuseri kwa nsalu, ine n'kundisiya pabenchi. Anawayesa mpaka ine kukalamba. Kenaka anandiitana kuti ndimve nawo, akuti anthu awiri saiwala pamodzi.

"Dokotala akuti chonchi," anatero adresa. "M'thupi mwa mnyamata muli kanthu kamene kamadzutsa chimuna akamakula, kuti mawu akule, ndevu zimere, mbewu ipangike. Mwa inu bambo, kanthu kameneko kanagona. Mankhwalawa ndi okadzutsa. Koma sadzutsa ndi chibonga, amadzutsa pang'onopang'ono, miyezi. Muzibwera masiku amene tikuuzeni, osadumpha. Mlingo amaona ndi dokotala akakuyesani, si inu, si ine. Mukaona chachilendo, kaya mabere kutupa, kaya kupweteka pena, mudzanene. Ndipo munthu wina aliyense asakubayeni kanthu. Mwamva?"

"Nanga mwana?" anafunsa achimwene, mawu ali ngati a kamwana ka mbuzi.

Adresa anafunsa mzungu uja, mzungu anapukusa mutu n'kulankhula motalika. "Akuti mawu ndi ndevu akuyembekeza kuti zibwera. Mwana, ena amapeza, ena ayi. Sakulonjeza."

Singano anaitulutsa m'kapoto kamene kanali kakuwira pachitofu, anaigwira ndi kachitsulo osati ndi zala. Anapukuta pakhungu ndi thonje lonunkha ngati kachasu. Mankhwalawo anali m'kabotolo kochepa ngati chala cha khanda. Ine ndinatseka makutu kudikira mfuu. Zii. Achimwene anatuluka akumanga lamba, akufunsa ngati abayidwa kale.

Adresa atandiona ndikusuzumira tibotolo tija anati, "Iwe wa Sitandade 3, ukudziwa amapanga ndi chiyani? Mkodzo wa amayi apakati. Kwawo kwa azungu amausefa, kuusefa, mpaka kutsala kaufa." Ndinaseka mpaka odwala amene anali atagona mwezi wathunthu anadzuka kudzaona. Achimwene anandipotokola khutu panjira, akuti ndikangonena kumudzi andikwirira wamoyo. Ndinasunga. Ndi chinsinsi chokhacho chimene ndasungapo chibadwire.

Kumudzi tinapeza alongo awiri a alamu anga akutidikira, wamkulu ndi wamng'ono, zimphona za anthu, makosi ngati a ng'ombe zapagoli, nzeru zonse ziwiri kuphatikiza sizingadzaze chigoba cha mtedza.

"Alamu, akubayani?" anafunsa wamkulu.

"Andibaya."

"Nanga mukuyenda bwanji?"

Apa ndiye panagona nkhani. Kwathu aliyense amadziwa kuti jekeseni weniweni amapweteka. Uja wa zilonda amene anthu ankabayidwa kale, munthu ankabwera akukoka mwendo, thako litatupa, n'kugona chafufumimba masiku, ndipo anthu ankati eee, mankhwala akumenyana ndi matenda. Kutupa ndiye umboni. Jekeseni woti munthu n'kuyenda kuchokera ku boma mpaka ku Madzimoyo akuimba mluzu, ameneyo ndi madzi.

"Mzungu wakupusitsani, alamu," anatero wamng'ono. "Wakubayani madzi a mumtsuko. Amphamvuwo amasungira azungu anzake."

Achimwene ankangopita kuchipatala masiku awo, mvula kaya dzuwa. Ndipo zinthu zinayamba. Lamulungu lina tikuimba, mawu awo anathyoka pakati pa nyimbo, kuyamba ngati mbalame n'kuthera ngati chule wa m'dambo, mpingo wonse kutembenuka. Pachibwano panatuluka tindevu tingapo, totalikirana ngati chimanga cha mlesi. Alamu anga ankatisisita ndi chala akamayesa kuti ine sindikuona. Koma kumunda mtedza unali ukukhwima, masamba atayamba madontho, ndipo ndevu si mimba.

Ndiye kunatulukira akopolo. Ankadzitcha choncho, akuti anali msilikali ku Bama, ankathandiza madokotala a nkhondo. Ine ndikuganiza ankatsuka miphika. Anabwera panjinga, atavala chijasi cha usilikali dzuwa likuswa mtengo, ndi kachitini ka fodya m'thumba. M'kachitinimo munali jekeseni wagalasi, singano yake ngati yosokera matumba. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, anthu n'kundanda: wa mutu, wa msana, wa chifuwa, wosabereka, wobereka kwambiri, onse botolo limodzi la zinthu zoyera ngati mkaka wosasa, onse singano imodzi. Ikabuntha ankainola pamwala, n'kuipukuta pathalauza. Munthu aliyense ankachoka akulira ndi kutsimphina, abale ake akuombera m'manja.

"Uyu ndiye jekeseni," anatero wamkulu wa zimphona zija, akuwauza achimwene kuti akabayitse. "Amuna a ku Bama akabayidwa ameneyu, mkazi amaima kungomupatsa moni."

Achimwene anakana. Anati dokotala analetsa. Ananena mwaulemu, atagwira chipewa m'manja, monga amayankhulira mkamwini.

M'mawa mwake apongozi anatuma alamu anga kudimba, kutali kudambo, akuti akathyole ndiwo. Dzuwa lili pamutu, achimwene atangobwera kumunda, ine ndikusesa pakhonde, ndinamva wamng'ono akuitana, "Alamu, tabwerani mutithandize kusuntha mtondowu."

Achimwene anapita. Atangowerama kuti agwire, wamkulu anawakwenya pakhosi, wamng'ono n'kuwatchera miyendo. Mtondo unagwa chammbali, iwo anagwera pamwamba pake chafufumimba, phii, mpweya wonse kutuluka. Wamkulu anawakhalira pamsana n'kupotokolera mkono kumbuyo mpaka ndinamva phewa likulira. Wamng'ono anakoka kabudula. Akopolo anatulukira kuseri kwa khola, chitini chili chotsegula kale.

"Ndisiyeni, alamu! Dokotala anati ayi! Ndapota nanu!"

"Khalani chete, tikukuthandizani," anatero wamkulu, n'kuwakanikiza nkhope m'dothi.

Apongozi nawo analipo. Koma poti sangayang'ane mkamwini, makamaka ali chomwecho, anaima kuseri kwa nkhokwe, atafulatira, atadzifunditsa chitenje kumutu, n'kumalamula nkhondo yonse akuyang'ana kutchire.

"Mwamugwira? Akopolo, mwalowetsa? Ine sindikumva kulira! Ngati sanalire sanalowe!"

Ine ndinataya tsache n'kutola musi. Ndinamukhoma wamng'ono pamsana, phokoso lake anthu a ku boma anayesa mfuti imene amaliza kumeneko dzuwa likafika pamutu. Anatembenuka n'kundiponda pamimba, ndinauluka, ndikanakhala ndi mapiko ndikanafika kwathu. Ndinadzuka n'kumulumphira wamkulu kumutu, zala m'maso. Anandimenya mbama ndi kuseri kwa dzanja, dzino lakutsogolo linatuluka n'kukagwera patali, nkhuku n'kulithamangira. Magazi ali chuu pakamwa, ndinakwawa mpaka pamwendo wa akopolo n'kuluma katumba ndi mano otsalawo. Nyama ya msilikali ndi yolimba, inu, ngati chikopa cha ng'oma. Anakuwa, anandimenya ndi chigongono pamutu, koma dzanja linalo linali litabaya kale pantchafu, pafupi ndi thako, singano yonse mpaka kumapeto.

Achimwene analira ndi mawu awiri nthawi imodzi, akale ndi atsopano.

"Eyaa!" anatero apongozi kuseri kwa nkhokwe. "Ameneyo ndiye walowa. Kawiri, akopolo, nkhuku ndakulipirani ija isapite pachabe!"

Anabaya kawiri. Singano inatuluka itapindika ngati mbedza.

Alamu anga atabwera ndi ndiwo pamutu anapeza amuna awo ali kwala m'nyumba, ine ndili pakhomo ndi mlomo ngati wa ng'ombe. Sanalire, sanatukwane. Anaika dengu pansi bwinobwino n'kuteleka madzi. Ine ndinaopa kuposa mmene ndikanaopera akanakuwa.

Ntchafu inayamba kutupa. Tsiku loyamba ngati dzungu, kenaka ngati mtsuko, kenaka sindikudziwa ngati chiyani, khungu lili nyezinyezi, lotentha loti n'kuwotcherapo chimanga. Achimwene ankanjenjemera masana dzuwa lili phwee, mano akugundana, akuitana anthu amene anamwalira kalekale. M'nyumba munayamba fungo. Ndiye mudzi wonse unakondwa! Amayi ankabwera kudzafunsa pakhomo, akamva kuti chatupa kwambiri ankaimba nthungululu. "Akumenyana! Mwana ali panjira!" Apongozi anayamba kuviika chimera.

Tsiku lopita kuchipatala linafika n'kudutsa. Alamu atanena kuti awatengere ku boma, zimphona zija zinadzakhala pakhomo, uyu mbali iyi uyu mbali iyo, zibonga pamiyendo.

"Mlongo, akapita kwa mzungu akachotsa mankhwala athu. Adikire chiphulike chokha."

Apongozi anayala mphasa pakati pa njira yotulukira m'mudzi n'kukhalapo, atafulatira nyumba yathu, amayi ena achikulire atawazungulira akutongola chimanga. Ankadziwa kuti mkamwini, ngakhale atakhala ndi mphamvu, sangadutse pamene pakhala apongozi ake. Akopolo nawo anali akadali m'mudzi, akudya za eni, akuti adikira awonjezere wachitatu.

M'mawa wina achimwene anasiya kuitana anthu akufa aja. Ankangopuma mwapamwamba, maso ali gwa kudenga. Alamu anawayang'ana, anandiyang'ana ine.

"Mlamu, tenga musi."

"Ndimenye mutu?"

"Mutu ayi, milandu ya ku boma ndi yaitali. Menya maondo."

Alamu anawakhazika tsonga achimwene, anagwada, n'kuwakokera kumsana ngati mwana. Anamanga ndi zitenje ziwiri, mfundo pachifuwa. Munthu wamfupi kubereka mlongoti: mapazi a achimwene ankakwekwereza pansi, mutu uli lende paphewa. Ntchafu yotupa ija anaisiya pamtunda, osaiphimba. Ine ndinakankha chitseko ndi phazi.

Zimphona zinadzambatuka. "Mlongo, bwerera!"

Alamu anangoyenda. Wamkulu anatukula chibonga, ndikuganiza ankafuna kuwaopseza kapena kumenya achimwene, koma alamu anatembenuka, chibonga n'kuwapeza pamphumi. Kunamveka kho. Magazi anatsika kumaso ngati atsanuliridwa ndi chikho, kulowa m'diso, kudontha pachibwano. Anadzandira, bondo limodzi linagunda pansi, anadzukanso. Wamkulu anaima kukamwa kuli yasa, akuyang'ana chibonga chake ngati wina wamugwiritsa. Mpata umenewo ine ndinamupatsa musi pabondo. Anagwa ngati mtengo wa m'munda watsopano. Wamng'ono anandigwira tsitsi, ine ndinabweza musi chakumbuyo osayang'ana, sindikudziwa unapeza pati koma anandisiya n'kukhala pansi akuitana amake.

Alamu sanapatuke kulowa patchire monga amachitira mkamwini. Analunjika pamphasa pomwepo, anazungulira n'kukaima kutsogolo kwa amayi awo, magazi akudonthera pachimanga.

"Amayi, dzutsani mutu. Muoneni mkamwini wanu."

"Iwe! Wapenga? Chotsa! Chotsa munthuyo!" Apongozi anakoka chitenje kumaso.

"Munkafuna kumva kulira, munamva. Lero muone ndi maso." Anawatembenuzira ntchafu ija, n'kukoka chitenjecho ndi dzanja limodzi.

Sindinaonepo munthu wachikulire akuthamanga chomwecho. Apongozi anadumpha lichero, anadumpha mwana, anadumpha mbuzi, manja ali kumaso, n'kukadziponya m'munda wa mtedza chafufumimba. Amayi ena aja balala, wina uku wina uku, akukuwa kuti malaulo. Njira inatsala yoyera.

Pansi pa mango panali akopolo, atagwira njinga yawo, akufuna kuzemba.

"Tibwerekeni njingayo," anatero alamu.

"Mayi, iyi ndi njinga ya boma, ine ndine msilikali wa mfumu ya ku Mangalande, ndinapha anthu ku Bama ndi manja..."

Ndinawalowetsa musi pamimba ngati ndikusinja mphale. Anapinda pakati, chitini chinagwa m'thumba n'kutseguka. Jekeseni uja ndinamusinja pamwala womwe ankanolerapo, mpaka kusanduka ufa woti n'kuphikira phala. Tinawakhazika achimwene pachishalo, alamu atawakumbatira m'chiuno, ine ndikukankha chiwongolero. Mseu wonse anthu ankapatuka: mayi wamagazi kumaso, mtsikana wopanda dzino, ndi mtembo wokwera njinga.

Kuchipatala dokotala ataona ntchafu anafiira mpaka m'makutu. Analankhula mawu a Chingerezi amene asisitere sanatiphunzitse, ndinawasunga onse. Anawang'amba tsiku lomwelo. Mafinya amene anatuluka, inu, adresa anasintha mabeseni mpaka manja kutopa, ntchentche za m'boma monse zinabwera kumaliro. Adresa anati tikanachedwa pang'ono akanadula mwendo, kapena sakanadula kanthu chifukwa mwini wake akanakhala atapita. Anati dothi la pasingano ndi magazi a anthu ena onse aja zinalowa m'thupi, osanenanso za m'botolo zimene ngakhale dokotala sanadziwe kuti n'chiyani. Mankhwala enieni aja anayamba awaimitsa, akuti thupi limalize kaye nkhondo iyi, adzayambirenso bala likapola. Alamu anawasoka pamphumi osalira ngakhale pang'ono. Ine ndinafunsa ngati ali ndi jekeseni womeretsa dzino, adresa anati pakamwa panga pachepeko ndi bwino. Njinga tinaisiya pansi pa mtengo panja, inasowa yokha. Ena akuti anaona mwini wake akuipalasa chowerama kudutsa pa Mwami.

Achimwene anagona m'chipatala mpaka mvula kutha. Potuluka anali owonda ngati bango, akuyenda ndi ndodo. Tinabwerera ku Madzimoyo atatu, pang'onopang'ono, tikupuma pamthunzi uliwonse. Tisanalowe m'mudzi tinaona m'minda milu ya mtedza itayanikidwa, mizu kumwamba.

Pakhomo pathu tinapeza katundu wa achimwene ali panja: mphasa yopindapinda, khasu, nkhwangwa, kasemasema, ndi chipewa pamwamba. Amalume anali atakhala pachitsa patali pang'ono, poti anaona kuti alamu sali pafupi ndi mphika. Zimphona zinaima kumbuyo kwawo, chimodzi chikutsimphina.

"Mtedza takumba," anatero amalume. "Tiuze, mwana wa mlongo wanga. Pali kanthu?"

Ine mumtima ndinkati namani, alamu, namani, ndani akaone m'mimba? Koma iwo anati, "Palibe, amalume."

"Basi. Ife tayesa, mpaka nkhuku tinataya. Bambo, mwatilimira, tathokoza, njira mukuidziwa. Iwe lowa m'nyumba. Pali munthu wa kutsidya, mkazi wake anamwalira, ana ali nawo kale asanu, ndiye sitikukayika. Nyumba ilipo kale, angolowa."

Achimwene anawerama kutola chipewa. Anayamba kunena kuti zikomo, ndinakhala bwino. Alamu anawadutsa, anapita pamoto wa oyandikana nawo, anasolola chikuni choyaka. Anthu anayesa akufuna kumenya nacho amalume, amalumewo anagwa chagada kuchoka pachitsa. Koma iwo anapita kunyumba kwawo komwe, anaimirira ndi zala zakuphazi poti ndi aafupi, n'kulowetsa chikuni m'udzu wa denga.

Udzu wouma sufunsa. Moto unakwera kamodzi n'kamodzi, lawi mpaka kumitambo, mbewa zikudumpha ngati mvula. Wamng'ono anathamanga ndi chidebe, alamu anamutchingira ndi chikuni kumaso, nsidze zinapsa.

"Nyumba iyi anamanga ndi amuna anga. Mitengo anadula okha, udzu anamweta okha, inu mukumwa mowa. Wa kutsidyayo akafuna, amange yake, alowemo ndi inu amalume."

"Ukachoka pano munda ulibe!" anakuwa amalume akadali pansi. "Dimba ulibe! Mkazi sasiya mudzi wa amake! Ukadwala usatitumire mthenga!"

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka kulira kwa apongozi, kwenikweni tsopano, osati kwa pamtondo, akuitana mwana wawo. Alamu anaima. Ndinaona chipsera cha pamphumi chitafiira. Anayang'ana kunkhokweko nthawi yaitali. Kenaka anaponya chikuni m'moto, anasenza mphasa ndi khasu pamutu, ine n'kunyamula nkhwangwa.

Sitinapite kwathu. Tinalunjika ku boma, kumene awiriwa ali mpaka lero, m'kanyumba ka m'komboni kochepa koti ukayetsemula oyandikana nawo amayankha. Achimwene amasankha fodya kwa mzungu wina atakhala pansi, ndipo chipatala chili pafupi, sadumpha tsiku. Ndevu tsopano amameta ndi lumo. Mwana palibe, ndipo dokotala akadali kunena zomwe zija, kuti sakulonjeza.

Koma tsiku lija panjira, utsi ukuonekabe kumbuyo kwathu, achimwene anaima n'kutsamira ndodo. Misozi inali ikutsika.

"Mwataya mudzi, mwataya amayi anu, chifukwa cha munthu woti mwina sadzakupatsani mwana. Bwererani, sikunade."

Alamu sanatembenuke n'komwe, mphasa ili pamutu.

"Tayendani, inu. Ndinakuberekani kamodzi, msana ukupwetekabe. Mukagwa pano akunyamulani ndi mlongo wanuyu."